Joystick yanga ndi yofewa kwambiri: ndipinde maswichi kapena ndisinthe sipuling'i?

Funso: "Ndinadzipangira ndekha bokosi lathabwa losewerera magemu a ndewu ngati Street Fighter ndi Tekken pa kompyuta. Joystick imene ndinaikamo ndi yotengera Sanwa JLF ya ku Japan, si yeniyeniyo ayi. Vuto n'lakuti ndi yofewa kwambiri. Ndikaikankhira kumanja n'kuisiya, imabwerera mopitirira mpaka munthu wanga m'gemumo amasuntha pang'ono kupita kumanzere. Nditatopa nazo ndinatsegula microswitch ya kumanzere n'kupinda kachitsulo ka m'kati kuti ilimbeko. Pano nthawi zina ikumagunda kawiri, nthawi zina osagunda n'komwe. Kodi ndaononga joystick yonse? Ndipinde maswichi enawo kuti afanane, kapena ndikulunge tepi monga ena amachitira?"

Mtima ukhale m'malo, joystick simunaononge. Chimene chafa ndi swichi imodzi munatsegulayo, ndipo pa zida zonse zili m'bokosi mwanumo, swichi ndiyo yosavuta kupeza ina. Inenso ndinadzera momwemo ndikuyamba kumene. Ndinakanula swichi ndi kampeni, tizitsulo tiwiri tinathothokera pansi, ndipo madzulo onse ndinathera ndikukwawa kunsi kwa tebulo. Koma atatu otsalawo musawakhudze, chonde. Mukawapinda kuti afanane ndi yodwalayo, odwala akhala anayi.

Chimene chinachitika n'chakuti munakafunafuna kulimba pamalo pamene sikukhala. Tembenuzani bokosilo mutsegule kunsi, tione limodzi. Choyamba muona geti, kapulasitiki kokhala ndi bowo la makona anayi kamene kamaimitsa ndodo kuti isapendekere mopyola. Geti limagwidwa ndi timano tinayi, mukatikankha pang'ono limachoka. Kuseri kwake kuli maswichi anayi ozungulira ndodo, ndipo pa ndodopo pali kapulasitiki kamene kamawagunda, kotchedwa actuator. Kapulasitikika kamatsekeredwa ndi kachitsulo kooneka ngati chilembo E, kolowa mu kamzere ka kunsonga kwa ndodo. Mukachotsa kachitsuloko actuator imavuka, kenako sipuling'i, kenako kambale kamene sipuling'iyo imakhalapo ndi washala wachitsulo. Mbali inayo, ya kumtunda, kuli pivot, kapulasitiki konga theka la mpira kamene ndodo imapendekerapo. Pa zonsezi, chimene chimabweza ndodo pakati ndi sipuling'i. Swichi ntchito yake ndi kuuza gemu kuti mwafika, basi.

Anthu ambiri akamati "joystick yanga ndi yofewa" amakhala akusakaniza zinthu zitatu zosiyana. Pali mphamvu imene dzanja limafuna kuti lipendeketse ndodo, ndipo imeneyi ndi ya sipuling'i. Pali mtunda umene ndodo imayenda isanamveke "ke!" ya swichi, umene umadalira kukula kwa actuator ndi mtundu wa swichi. Palinso mtunda wonse mpaka ndodo igunde geti. Inu vuto lanu ndi loyambalo. Ndodo ikabwerera, sipuling'i yanu ilibe mphamvu yoigwira pakati, ndiye imadutsa n'kukanyambita swichi ya mbali inayo. Ngati pamwamba munaikapo mutu wolemera, monga wachitsulo kapena wautali uja wooneka ngati chibonga, kudutsako kumakula chifukwa kulemera kumakoka ndodo kupita patsogolo.

Tsopano za swichi munapindayo, chifukwa apa m'pamene pagona phunziro lenileni. Microswitch sinapangidwe kuti izitseka pang'onopang'ono. M'kati mwake muli kachitsulo koyenda kogwidwa ndi kasipuling'i kakang'ono kamene kali kokanika kale. Kabatani ka kunja kakatsika kufika pamlingo wake, kachitsuloko kamadumpha kamodzi n'kamodzi kuchoka mbali ina kupita ina, ndiye phokoso mumamva lija. Kudumphako kumachitika pa liwiro lake, kaya inu mukukankha mofulumira kapena mozengereza. Chinanso, malo amene swichi imatsekera ndi malo amene imatsegukira pobwerera si amodzi, pali kampata pakati pake. Kampata kameneka ndi kadala. Ndi kamene kamachititsa kuti dzanja likanjenjemera pang'ono pa malire, swichi isamangoyaka ndi kuzima.

Mutapinda kachitsulo kaja munasokoneza zonse ziwiri. Kudumpha kunafooka, ndiye timitu togundana m'katimo timafikana mwaulesi, n'kunjanja kangapo tisanakhazikike. Gemu ya ndewu imawerenga zimene mwadina maulendo 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti ulendo uliwonse ndi mamilisekondi osakwana 17. Swichi ikagunda, n'kusiya, n'kugundanso mochedwa kuposa pamenepo, gemu imaona kuti mwadina kawiri, ndipo mu Tekken kudina kawiri mbali imodzi ndi kusuntha mwaliwiro kupita kutsogolo kapena kumbuyo. N'chifukwa chake munthu wanu akumachita zimene simunamutume. Pamene sikugunda n'komwe, n'chifukwa chakuti timituto sitikukanikizana mokwanira. Magetsi oyenda mu joystick ndi ochepa kwambiri, mavoti 5 kapena 3.3, moti kafumbi kapena kadzimbiri kochepa kamawatsekereza ngati palibe mphamvu yokapsinja. Kuyesa kuwongola kachitsuloko sikubweza mmene kanalili. Mwina kagwira lero, koma pakatha masiku kayambiranso, ndipo kadzasankha nthawi imene mukupikisana ndi mnzanu.

Ndiye gulani ina. Pa JLF yeniyeni maswichi anayi aja ndi a kampani ya Omron, opanda mkono wachitsulo kunja, owotcherera pa bolodi imodzi yokhala ndi pulagi ya mano 5, ndipo Sanwa imagulitsa bolodi yonseyo payokha pa dzina la TP-MA. Zotengera zambiri zimalandira bolodi imeneyi bwinobwino, koma yezani kaye musanagule, pakuti si onse otengera amene amatsata miyeso ndendende. Ngati yanu ili ndi maswichi apaokha okhala ndi timapini tolowetsa waya, ntchito yachepa: pini yolembedwa COM ipite ku waya wa ground, yolembedwa NO ipite ku mbali yake pa bolodi ya USB imene imalumikiza joystick ku kompyuta, ya NC musiye choncho. Ine ndikasintha ndimasintha onse anayi nthawi imodzi. Swichi yatsopano pakati pa akale atatu imamveka m'dzanja, makamaka ngati ndi ya kampani ina.

Kodi kusintha mtundu wa swichi sikungalimbitse joystick? Kungathe pang'ono, koma osati mmene mukufunira. Swichi iliyonse ili ndi mphamvu yofunika kuti idinike, yolembedwa pa pepala la wopanga m'magalamu kapena mu newton, ndipo newton imodzi ndi magalamu pafupifupi 102. A Omron a mu JLF amafuna magalamu pafupifupi 200, pomwe Cherry D44X, amene anthu ena amakonda kuikamo, amafuna pafupifupi 75, ndipo ndi ofewa komanso aphokoso lochepa. Koma kumbukirani kuti ndodo ikakhala pakati sikhudza swichi iliyonse, choncho swichi yolimba ilibe chonena pa kubwerera kwa ndodo mpaka itagundidwa kale. Kenako taganizirani za makona. Kuti mupeze pansi ndi kutsogolo pamodzi, mukukankha maswichi awiri nthawi imodzi. Akakhala olimba kwambiri, kuzungulitsa ndodo kuchokera pansi kupita kutsogolo, kuja timachita potulutsa Hadoken mu Street Fighter, kumamveka ngati mukudutsa pa mabampu. Ena amakonda zimenezo chifukwa dzanja limadziwa pamene lili. Ine ayi.

Pali malo amodzi okha pamene ndimalola kupinda. Joystick zina, monga Seimitsu LS-32, zili ndi maswichi okhala ndi mkono wachitsulo kunja, umene actuator imakankha kenako iwo n'kudina kabatani. Mkono umenewo mukhoza kuupinda pang'ono kwambiri ndi pulayala kuti swichi izigunda msanga kapena mochedwa, chifukwa simukukhudza za m'kati. Ngakhale apo, kupindako kukhale kochepa moti maso sakukuona bwino, ndipo muyese mukapinda uliwonse. Koma izi zimasintha mtunda, osati kulimba.

Mankhwala a vuto lanu ndi sipuling'i. Ya JLF imene imabwera nayo ndi yofewa mwadala, mphamvu yake ndi yochepera pang'ono paundi imodzi. Ogulitsa zida zimenezi amakhala ndi za mapaundi 2, zomwe ndi magalamu pafupifupi 900, ndi za mapaundi 4, pafupifupi makilogalamu 1.8. Yambani ndi ya mapaundi 2. Kwa anthu ambiri amene ndawathandiza, kudutsa kuja kumathera pomwepo. Ya mapaundi 4 imakoma mphindi khumi zoyamba, mumamva ngati mwagwira chinthu chenicheni, koma pakatha ola dzanja limayamba kulankhula. Imadyanso pivot msanga, ndipo pa bokosi lodzipangira imabweretsa vuto lina: ngati bokosilo ndi lopepuka, mmalo mwa ndodo kupendekera, bokosi lonse ndi limene limatsetsereka pa miyendo panu.

Posintha, choyamba zulani waya wa USB. Chotsani geti ndi maswichi kuti mukhale ndi malo. Kachitsulo ka E kaja ndi kamene kamaliza anthu. Kali pansi pa mphamvu ya sipuling'i, ndiye mukakakanula ndi sikuludiraiva yaing'ono kamauluka, ndipo kakauluka kamapita komwe simudzakapezanso, kapena m'diso. Ine ndimalowetsa manja ndi kunsi konse kwa joystick m'jumbo yoonekera m'kati ndikamakachotsa. Kanikizani actuator ndi chala chachikulu kuti sipuling'i ifinyike, kenako kanulani. Pobwezera, ikani kachitsuloko pakamwa pa mzere wake n'kukafinya ndi pulayala mpaka mumve kuti kalowa. Ndi sipuling'i yolimba, kufinya actuator ndi dzanja limodzi uku linalo lili ndi pulayala kumafuna kudekha, ndipo wina akakugwirirani mutu wa ndodo kumtunda zimaphweka. Onetsetsani kuti actuator yabwerera moyang'ana mmene inalili. Jambulani ndi foni musanavule chilichonse.

Ena amatenga sipuling'i yomweyo n'kuikoka ndi manja kuti italike. Zimagwira kwa kanthawi, koma siitalika mofanana, imapindikira mbali imodzi, ndiye kumanja kumalimba kuposa kumanzere, ndipo pakapita nthawi imabwereranso. Ngati yatsopano simungaipeze msanga, njira yabwinoko ndi kuika washala woonda pakati pa sipuling'i ndi actuator kuti ikhale yofinyika kale pang'ono. Washalayo akhale wosatulukira m'mbali, ndipo mukapendeketsa ndodo mpaka pa geti mizere ya sipuling'i isafike pogundana yokhayokha. Ikagundana, mphamvu yonse imathera pa kachitsulo ka E, ndipo tsiku lina ndodo idzakutsalirani m'manja.

Za tepi, pa vuto lanuli ayi ndithu. Kukulunga tepi pa actuator kumaikulitsa, ndiye imayandikira maswichi n'kumawagunda msanga. Inu mukudandaula kuti ndodo ikunyambita swichi ya mbali ina pobwerera. Mukaikulitsa mwafupikitsa ulendo wokanyambitawo, vuto likula. Tepi ndi ya munthu amene sipuling'i yake ili bwino koma akuona kuti ndodo ikuyenda mtunda wautali swichi isanalire. Ngakhale kwa iyeyo, tepi yakuda ya magetsi si yabwino, chifukwa ikatenthedwa guluu wake amasungunuka, tepi imatsetsereka n'kusiya zomata pa tibatani ta maswichi. Kachubu kofinyika ndi moto kaja timavekera mawaya kamakhalitsa kuposa tepi, koma chabwino koposa ndi actuator yopangidwa kale yokulirapo ndi theka la milimita kapena milimita imodzi. Milimita imodzi imamveka yochepa pa pepala, koma m'dzanja ndi yambiri.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuonetsetsa mukakulitsa actuator. Choyamba, ndodo iziimitsidwa ndi geti, osati ndi swichi. Kankhirani ndodo mpaka kumapeto muyang'ane: ngati actuator sikukhudza geti chifukwa kabatani ka swichi kalowa mpaka kumathero, ndiye kuti nkhonya zanu zonse zikulandiridwa ndi swichi, ndipo sikhalitsa. Chachiwiri, malo a pakati opanda chodinidwa asachepe kwambiri. Inu mumasewera Tekken, ndipo mukudziwa kuti mayendedwe ena, monga aja a banja la Mishima la m'gemumo oti kutsogolo, pakati, pansi, kenako kona, amafuna kuti gemu ione pakatipo bwinobwino. Actuator ikakula, makona amapezeka mosavuta koma mbali zoongoka zimachepa, moti mukufuna kubwerera kumbuyo mumapezeka mwadumpha. Nthawi zambiri actuator yaikulu imayendera limodzi ndi sipuling'i yolimbirapo, osati yokha.

Poti tatchula Tekken: osewera ambiri a ku South Korea sagwiritsa joystick ya sipuling'i n'komwe. Zawo, monga za Crown ndi Myoungshin Fanta, zimabweza ndodo pakati ndi mphira yochindikala imene ndodo imadutsamo. Mphira imalimba pamene mukupendeketsa kwambiri, ndipo imabwerera msanga popanda kugwedezeka kwambiri. Kulimba kwake amasintha posintha mphirayo, nambala yaikulu ndiye yolimba. Ngati mutayesa sipuling'i ziwiri zitatu mukuonabe kuti dzanja lanu likufuna china, mwina chimene likufuna ndi mtundu umenewu, ndipo palibe kupinda kapena kukulunga kumene kungasandutse JLF kukhala choncho. Ingodziwani kuti zina mwa izo zili ndi khosi lotuluka pamwamba lofuna bowo lalikulu pa thabwa.

Bokosi lanulo ndikulikayikiranso. Pa makina a ku Japan, mtunda wochokera pamwamba pa chivindikiro chimene ndodo imatulukirapo kufika kunsi kwa mutu wa ndodo umakhala mamilimita 23 kapena 24. Odzipangira ambiri amamangirira joystick kunsi kwa thabwa lochindikala, ndodo n'kumira, kenako amagula cholumikizira kuti italike. Ndodo ikatalika, dzanja limakhala kutali ndi pivot, ndipo sipuling'i yomweyo imamveka yofewa, monga mmene sipanala yaitali imamasulira bawuti mosavuta kuposa yaifupi. Ngati munatero, ndi bwino kusema thabwa kunsi kuti joystick ikwere, n'kuchotsa cholumikiziracho. Onaninso kuti ndodo sikukhula m'mbali mwa bowo, kuti zomangira n'zolimba, komanso kuti m'katimo mulibe utuchi. Fumbi la MDF, thabwa lija lopangidwa ndi utuchi woumba, ndi losalala kwambiri, limalowa m'maswichi komanso limasakanikirana ndi girisi n'kukhala ngati sandipepa. Kunsi kwa bokosi matanipo mphira yosatsetsereka, ndipo ngati ndi lopepuka, mangirirani chitsulo m'kati.

Muli momwemo, pukutani pivot ndi kansalu koyera muikepo girisi wa silicone. Amene ambiri amagwiritsa pa joystick za ku Japan ndi Shin-Etsu G-40M. Wochuluka ngati mutu wa machesi ndi wokwanira pa pivot, ndi wina wochepa pa washala pamene kambale ka sipuling'i kamatsetsereka. Girisi wa galimoto ndi WD-40 musayandikize, pakuti mafuta otere sagwirizana ndi mapulasitiki ena ndi mphira, ndiponso amayenderera mpaka m'maswichi. Joystick zotengera zambiri zimabwera zouma kapena ndi girisi wochepa, ndipo girisi wabwino amachepetsako ndithu kugwedezeka kwa ndodo pobwerera.

Sinthani chinthu chimodzi, muyese, ndiye mupite pa china. Mukasintha sipuling'i, actuator ndi geti tsiku limodzi, simudziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga. Pa Windows lembani joy.cpl, mutsegule joystick yanu, muikankhire kumanja n'kuisiya maulendo 20 mukuyang'ana ngati kumanzere kukuphethira. Kenako lowani malo ophunzirira a m'gemu, muyatse poonetsa zimene mwadina. Sewerani masiku atatu kapena anayi musanaweruze, chifukwa tsiku loyamba chilichonse chatsopano chimamveka cholakwika. Ngati swichi ina mukuikayikira, ikani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa COM ndi NO pa mlingo wolira uja, mudine kabatani pang'onopang'ono ndi chala. Yabwino imalira kamodzi mosadukiza. Yodwala imalira mokhala ngati ikutsokomola. Mabolodi ena, monga a Raspberry Pi Pico okhala ndi pulogalamu ya GP2040-CE, amalola kuwonjezera kanthawi konyalanyaza kunjanja kwa swichi, koma kumeneko ndi kuphimba chilonda. Swichi yopindidwa siichira ndi pulogalamu.

Chinanso chimene sichifuna kugula kanthu: yesani kuzolowera kubweza ndodo pakati ndi zala mmalo moitaya kuti ibwerere yokha. Osewera ambiri aluso amasewera ndi JLF yosasinthidwa chilichonse, ndipo kudutsa kuja sikuwavuta chifukwa dzanja silichoka pa mutu wa ndodo.

Ngati maswichi anu ndi owotcherera ndipo simunagwirepo chowotcherera, musaphunzirire pa bolodi imeneyo. Timizere ta mkuwa timasupuka msanga tikatenthedwa nthawi yaitali, ndiye perekani kwa wokonza mawailesi kapena mafoni, kwa iye ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati mutasintha swichi vuto likupitirira mbali yomweyo, sinthanitsani mawaya a kumanzere ndi kumanja pa bolodi ya USB. Vuto likasamukira mbali inayo pa sikirini, lili mu swichi kapena waya wake. Likatsala pomwepo, bolodi ndiyo yadwala. Ndipo ngati tsiku lina mudzafune kuika joystick yanu mu kabati yakale ya arcade yokhala ndi sikirini ya chubu ija, kumbuyo kwa sikiriniyo musalowetseko dzanja. Imasunga magetsi a mavoti masauzande ambiri ngakhale mutaizimitsa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri oidziwa.

Dzanja lanunso mulimvere. Kutopa pang'ono masiku oyamba ndi sipuling'i yolimba si kodabwitsa. Koma mukamva kuwawa pa mfundo ya dzanja kumene sikutha mukapuma, kapena dzanzi ndi kunyerenyesa m'zala makamaka usiku, bwererani ku sipuling'i yofewa, muchepetse maola, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi achipatala.

Swichi munapindayo musaitaye. Ichotseni chivindikiro, muigoneke pa tebulo pambali pa ina yosapindidwa yotsegulanso ngati muli nayo yakale, muzidina tibatani take ndi chotokosera m'mano uku mukuyang'ana. Muona ndi maso kachitsulo ka yabwinoyo kakudumpha, ka yanuyo kakukwawa.